Tizipangizo ta pamsika m'zida za asilikali: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa amisiri okonza zipangizo zamagetsi, ophunzira ntchitoyi, ndiponso anthu ogula katundu wa boma kuno ku Salima. Sizodabwitsa kuti nkhaniyi imakambidwa m'boma lino, poti kuno n'kumene kuli sukulu ya asilikali ya MAFCO ndi gulu la asilikali odumpha m'ndege ku Senga Bay. Dziko la Malawi lilibe fakitale yopanga ma IC (tizipangizo ting'onoting'ono tamagetsi tokhala ndi kachidutswa ka silikoni mkati, timene timayendetsa mawailesi, mafoni ndi makompyuta), choncho zambiri zafotokozedwa pano n'zochokera ku America, kumene miyezo yodziwika kwambiri inalembedwa. Komabe wailesi ya ovaova ikafika pa tebulo la mmisiri wa kuno itafa, funso loti aikemo chiyani limakhala lake.

Kodi miyezo ya asilikali ndi chiyani, ndipo amailemba ndani?

Ndi zikalata zonena mmene katundu wa asilikali ayenera kupangidwira, kuyesedwera ndi kulembedwera mbiri yake. Zotchuka kwambiri ndi za unduna wa zachitetezo wa ku America, zimene maina ake amayamba ndi MIL. Chikalata cha MIL-STD-810, chimene chinatuluka koyamba mu 1962, chimafotokoza njira zoyesera chipangizo pa kutentha, kuzizira, fumbi, mvula, chinyezi, mchere ndi kugwedezeka. MIL-STD-461 imaonetsetsa kuti chipangizo chisasokoneze chinzake ndi mafunde amagetsi amene chimatulutsa, komanso kuti nacho chisasokonezedwe. MIL-STD-883 ili ndi njira zoyesera ma IC, pamene MIL-PRF-38535 imanena zimene fakitale iyenera kukwaniritsa kuti ilowe pa mndandanda wa mafakitale ovomerezeka wotchedwa QML, umene umasungidwa ndi bungwe la Defense Logistics Agency ku Columbus, m'chigawo cha Ohio. Mathiranzisita ndi madayodi ali ndi chikalata chawochawo, MIL-PRF-19500, ndipo opambana mayeso ake amalembedwa JAN, JANTX, JANTXV kapena JANS. Dziko la Britain lili ndi zikalata zake zotchedwa Def Stan, ndipo mayiko a NATO amagwiritsanso ntchito STANAG ndi AQAP.

Kachipangizo ka asilikali kamasiyana pati ndi ka pamsika?

Choyamba ndi kutentha kumene wopanga walonjeza kuti kachipangizoko kadzagwira ntchito bwino. Ta pamsika wamba timalonjezedwa kuyambira pa madigiri 0 kufika pa 70. Ta m'mafakitale timayambira pa madigiri 40 pansi pa ziro kufika pa 85, ndipo ta asilikali timayambira pa madigiri 55 pansi pa ziro kufika pa 125. Chachiwiri ndi chikuto: ma IC akale a asilikali ankatsekeredwa mu seramiki kapena m'chitsulo mosalowa mpweya, pamene a pamsika amakutidwa ndi pulasitiki.

Koma kusiyana kwakukulu sikuoneka ndi maso. Nthawi zambiri kachidutswa ka silikoni kamene kali mkati kamakhala kofanana, kochokera m'fakitale imodzi. Chimene wogula wa asilikali amalipira ndi umboni. IC ya pamsika imayesedwa mwachidule isanapakidwe, ndipo mayeso olemera amachitika pa zitsanzo zochepa chabe. IC ya asilikali iliyonse payokha imatenthetsedwa ndi kuziziritsidwa mosinthanasinthana, imazunguzidwa mwamphamvu, imayesedwa ngati chikuto chake chikudontha, kenaka imasiyidwa pa magetsi kwa maola 160 pa madigiri 125 kuti zofooka zifere m'fakitale, osati kunkhondo. Ikapambana imatuluka ndi mapepala onena gulu limene inapangidwira ndi sabata imene inapakidwa. Wogula mpunga ku Nkhotakota amene amabaya matumba ochepa n'kulipira lole yonse sangafanane ndi mnzake amene amamasula thumba lililonse n'kulemba dzina la mlimi ndi munda wake. Mpunga ungakhale umodzi, koma wachiwiriyo akapeza mchenga amadziwa khomo lokagogoda, ndipo n'chifukwa chake mtengo wake umakwera.

Ngati ta asilikali ndi todalirika chotero, n'chifukwa chiyani mayiko olemera anayamba kugula ta pamsika?

Chifukwa msika unawathawa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, pafupifupi ma IC onse opangidwa ku America ankagulidwa ndi boma, makamaka chifukwa cha mizinga ya Minuteman II ndi ulendo wa kumwezi wa Apollo, motero boma likalamula, mafakitale ankamvera. Makompyuta, mafoni ndi magalimoto atachuluka, gawo la asilikali pa msikawu linatsika kufika pochepa kwambiri, ndipo makampani akuluakulu monga Motorola ndi Intel anasiya kupanga ma IC a muyezo wa asilikali m'zaka za m'ma 1990. Zotsatira zake zinali zakuti msilikali ankanyamula chipangizo chodula koma chaukadaulo wakale, pamene chatsopano ndi chotsika mtengo chinali m'sitolo. Pa nkhondo ya ku Gulf mu 1991, asilikali a America anachita kugwiritsa ntchito makina a GPS a anthu wamba chifukwa awo anali osakwanira.

Pa 29 June 1994, nduna ya zachitetezo William Perry inalemba kalata imene inatembenuza zinthu. Kale munthu ankapempha chilolezo kuti agwiritse ntchito katundu wa pamsika; kuyambira pamenepo chilolezo chinkafunika pofuna kugwiritsa ntchito muyezo wa asilikali. Boma linayamba kunena zimene chida chiyenera kuchita, n'kusiyira wopanga kuti apeze njira. Zikalata zambiri zinathetsedwa, kuphatikizapo MIL-Q-9858 yoyang'anira ubwino wa katundu, imene malo ake anatengedwa ndi miyezo ya makampani wamba ya ISO 9001 ndi AS9100. Kunena zoona, zina zinayeneradi kuchoka, pakuti panali ngakhale chikalata cha masamba 26 cholongosola kaphikidwe ka timakeke ta asilikali. Koma pamodzi ndi zopanda pake panapitanso zothandiza, ndipo mu 2005 lamulo lopempha chilolezo lija linachotsedwa.

Kodi pali pamene tizipangizo ta pamsika tagwira bwino ntchito?

Pali pambiri. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, sitima zankhondo za ku America zoyenda pansi pa nyanja zakhala zikugwiritsa ntchito makompyuta a pamsika pomvetsera phokoso la m'madzi, ndipo amawasintha pakapita zaka zochepa. Sitima ya USS Colorado, imene inayamba ntchito mu 2018, imayendetsa makamera ake oonera pamwamba pa madzi ndi chogwirira cha masewera a Xbox. Kahelikopita ka Ingenuity kanauluka maulendo 72 pa pulaneti ya Mars pakati pa 2021 ndi 2024 kakuyendetsedwa ndi Snapdragon 801, IC ya m'mafoni.

Woyang'ana zitsanzozi asaphonye chimene chili kuseri kwake. Mkati mwa sitima muli makina oziziritsa mpweya, ndipo makompyutawo amakhala m'makabati omangidwa kuti azimeza kugwedezeka: kachipangizo sikanalimbitsidwe, koma malo ake ndiwo anafewetsedwa. Ingenuity anali woyesera chabe, woti akanafa ulendowo ukanapitirira. Galimoto ya Perseverance imene inamunyamula imayendera kompyuta ya RAD750, yopangidwira kupirira cheza cha m'mlengalenga.

Kuno sikuzizira kufika pansi pa ziro. Nanga miyezoyi ikutikhudza bwanji?

Mbali ya kuzizira ilibe ntchito kwenikweni kwa chipangizo chokhala pansi, ngakhale kuti m'ndege youluka pamwamba kumazizira ndithu. Mbali ya kutentha ndiyo yathu. M'miyezi ya October ndi November kutentha kwa m'mphepete mwa nyanja kumadutsa madigiri 35, ndipo chimene chimawerengedwa si kutentha kwa pansi pa mtengo koma kwa mkati mwa bokosi la chipangizocho. Wailesi yomangidwa m'galimoto yoimikidwa padzuwa, magalasi otseka, ikugwira ntchito ndi kutulutsa kutentha kwake, ingathe kufika pa malire a madigiri 70 aja kusanade.

Kapasita wa electrolytic amaonetsa bwino nkhaniyi, chifukwa moyo wake umatalika kawiri pa madigiri 10 aliwonse amene kutentha kwatsika. Tiyerekeze makapasita awiri ofanana kukula ndi mphamvu, onse olonjezedwa maola 2,000, wina pa madigiri 85, wina pa madigiri 105. Onse akaikidwa m'bokosi lotentha madigiri 65, woyambayo akhala maola pafupifupi 8,000, amene sakwana chaka chimodzi chogwira ntchito usana ndi usiku, pamene wachiwiriyo akhala maola pafupifupi 32,000, zaka zitatu ndi theka. Pa tebulo la mmisiri onse amawerenga chimodzimodzi pa mita, ndipo wailesi imalira bwino tsiku loibweza kwa mwini wake. Kusiyana kumadzaoneka chaka chamawa, wina atatupa pamutu n'kuyamba kutuluka madzi.

Kupatula kutentha pali fumbi la m'chilimwe, kugwedezeka kwa m'misewu ya dothi kumene kumathyola miyendo ya tizipangizo tolemera, ndi nkhungu za m'nyanja zimene zimadzaza timabowo tolowera mpweya mpaka fani kulephera kuziziritsa.

Nanga chinyezi cha kunyanja chimaononga chiyani?

Chikuto cha pulasitiki chimayamwa chinyezi pang'onopang'ono. IC yoteroyo ikalowetsedwa mu uvuni wowotcherera, mmene kutentha kumafika madigiri 245 kapena kuposa, madzi aja amasanduka nthunzi mwadzidzidzi n'kung'amba chikutocho mkati, kawirikawiri mosaoneka kunja. N'chifukwa chake ma IC amabwera m'timatumba totsekeratu, momwe mumakhala mankhwala oyamwa chinyezi ndi kakhadi kosintha mtundu, ndipo pa thumbapo pamalembedwa MSL ndi nambala yosonyeza mmene IC imeneyo imaopera chinyezi. IC ya MSL 3 iyenera kuwotcheredwa pasanathe maola 168 thumba litatsegulidwa, ndipo zimenezo ndi pamene chipinda sichikupitirira madigiri 30 ndi chinyezi cha 60 peresenti. Chipinda cha ku Salima m'mwezi wa January chimaposa malire amenewa mosavuta. IC ikakhalitsa panja iyenera kuumitsidwa kaye mu uvuni kwa maola ambiri isanawotcheredwe. Ziyenera kunenedwa kuti pulasitiki wa masiku ano ndi wabwino kwambiri kuposa wa zaka za m'ma 1970, ndipo pa kugwedezeka amaposa seramiki chifukwa ndi wopepuka. Nkhawa imatsalira pa zida zosungidwa zaka zambiri osayatsidwa.

Ngati nambala ndi miyendo zikufanana, kodi sindingangosintha?

Pa wailesi ya kunyumba mungatero. Pa chida cha asilikali ayi, pokhapokha mwini wa pulani ya chidacho atavomereza molemba. Zilembo zomalizira pa nambala ya IC ndizo zimanena kutentha ndi chikuto, ndipo ma IC a digito akale amaonetsa izi poyera: 7400 ndi ya pamsika, 5400 ndi ya asilikali, ngakhale ntchito ndi miyendo n'zofanana. Kusintha kovomerezeka kumafuna kuti wina aone ngati katsopanoko kakukwana pamalo pake, kakulumikizana bwino ndi tinzake, ndiponso kakugwira ntchito yofanana pa kutentha konse kumene chidacho chidzakumane nako. Kumafunanso kuti kusinthako kulembedwe m'mbiri ya chidacho, kuti wodzakonza pambuyo panu adziwe chimene chili mkati.

Nkhani yonse yagona apa. Mukagula kachipangizo ka muyezo wa asilikali, wopanga ndiye wasenza udindo wotsimikiza kuti kadzapirira. Mukaika ka pamsika, udindowo suchoka. Umangosamukira kwa inu. Ndalama zimene zapulumuka pogula zimayenera kulowa m'mayeso, ndipo amene sanaziike m'mayeso sanapulumutse kanthu, wangokankhira ngoziyo kwa msilikali amene adzanyamule chidacho. Njira yapakati imene opanga zida ambiri amatsata ndiyo kugula tizipangizo ta m'magalimoto ta muyezo wa AEC-Q100, timene gulu lake la Grade 1 limapirira kuyambira madigiri 40 pansi pa ziro kufika 125, ndipo timapangidwa tambirimbiri mosamala.

Kodi sitingayese tokha ta pamsika kuti tisankhe tolimba?

N'zotheka, ndipo zimachitika. Ena amagula ma IC a pamsika n'kuwadutsitsa m'mayeso owonjezera, ena amawagwiritsa ntchito kupitirira kutentha kumene wopanga analonjeza atawayesa kaye, potsata malangizo a IEC TR 62240. Koma wopanga sakhalanso ndi mlandu IC yoteroyo ikalephera, mayesowo pawokha angathe kuifooketsa, ndipo zotsatira zake zimagwira ntchito pa gulu limene layesedwalo basi. Wopanga wa pamsika ali ndi ufulu wosintha silikoni kapena kusamutsa fakitale nambala ikadali yomweyo, ndipo chidziwitso cha kusinthako chimapita kwa makasitomala olembetsa, osati kwa aliyense wogula. Gulu la chaka chino likapambana, la chaka chamawa liyenera kuyesedwanso.

Chosavuta, chimene mmisiri aliyense angachite, ndi kusapanikiza kachipangizo: kusankha kapasita wa mavoti ochuluka kuposa amene adzakumane nawo, ndi kupatsa thiranzisita chitsulo chokwanira chochotsera kutentha.

N'chifukwa chiyani asilikali akukakamirabe mtovu m'chowotcherera pamene ena onse anausiya?

Lamulo la ku Ulaya la RoHS, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 July 2006, linaletsa mtovu m'zipangizo zambiri zamagetsi pofuna kuteteza thanzi la anthu ndi chilengedwe. Zida za asilikali sizili pansi pa lamuloli, koma poti mafakitale amatsata msika waukulu, miyendo ya tizipangizo tambiri inayamba kukutidwa ndi chitsulo chotchedwa tini, wopanda chosakaniza. Tini woteroyo amamera tindevu tachitsulo, topyapyala kuposa tsitsi, timene timakula mwakachetechete kwa miyezi kapena zaka mpaka kukhudza mwendo woyandikana nawo. Setilaiti ya Galaxy IV itasiya kugwira ntchito mu May 1998 n'kudula mauthenga a mapeja (timakina toyenda nato tolandirira mauthenga afupiafupi) ambiri ku America, tindevu timeneti tinatchulidwa pakati pa zifukwa zake. Mtovu wochepa, wosachepera 3 peresenti, umaletsa tindevuti kumera. Choncho opanga zida amaviika miyendo m'chowotcherera cha mtovu, kapena amapaka bolodi vanishi woteteza, ngakhale kuti vanishiyo amangochepetsa ngoziyo.

Kwa wokonza pali msampha wina. Chowotcherera cha mtovu chimasungunuka pa madigiri 183, chopanda mtovu pa madigiri pafupifupi 217. Kuika pa bolodi lakale IC imene m'malo mwa miyendo ili ndi timipira ta chowotcherera topanda mtovu, n'kuwotcherera pa kutentha kwakale, kumasiya mfundo zosagwirana bwino zimene zimadzatseguka galimoto ikayamba kudumpha mabampu.

Tizipangizo tachinyengo timalowa bwanji, ndipo tingatizindikire bwanji?

Mu May 2012 komiti yoona za asilikali m'nyumba ya malamulo ya Senate ku America inatulutsa lipoti lonena za milandu pafupifupi 1,800 ya tizipangizo tokayikitsa, toposa miliyoni imodzi, ndipo tambiri mwa timene anatilondola tinachokera ku China. Tina tinapezeka m'ndege za C-130J, C-27J ndi P-8A, komanso mu helikopita ya SH-60B. Tambiri sitinali topangidwa mwabodza kuchokera pachiyambi ayi. Tinali takale, tozulidwa pa mabolodi otayidwa, totsukidwa, topalidwa pamwamba, topakidwa utoto wakuda n'kudindidwa nambala ndi deti latsopano. IC ya pamsika imadindidwa chizindikiro cha asilikali, n'kugulitsidwa pa mtengo wa asilikali. Pa mita imagwira ntchito, ndipo ndi mmene imadutsira.

Pali zizindikiro zimene mmisiri angaone yekha ndi galasi lokulitsira: timizere topalidwa pamwamba, kadzenje kosonyeza mwendo woyamba kokwiririka ndi utoto, miyendo yokhala ndi zotsalira za chowotcherera, madeti osiyanasiyana m'thumba limodzi, kapena utoto wakuda wotsalira pa thonje loviikidwa mu acetone. Kutsimikiza kwenikweni kumafuna X-ray kapena kutsegula chikuto, monga zafotokozedwa mu SAE AS6171. Chitetezo chotsika mtengo kuposa zonse ndi kugula kwa wopanga kapena kwa wogulitsa amene wopangayo anamuvomereza, ndipo ndi mfundo imene muyezo wa SAE AS5553 ndi malamulo a America a pambuyo pa 2012 amaumirira. Wogulitsa wa pa intaneti amene ali ndi IC imene inasiya kupangidwa kalekale, yambirimbiri ndiponso yotchipa, ayenera kukayikiridwa.

Bwanji ngati kachipangizo koyenera kanasiya kupangidwa?

Vutoli ndi limene limakankhira anthu kwa ogulitsa atchulidwa pa funso lapitali. IC ya m'mafoni imakhala pa msika zaka zochepa, pamene ndege ya B-52 yakhala ikugwira ntchito kuyambira 1955. Wopanga akalengeza kuti akusiya, wogula wanzeru amagula zokwanira zaka zonse zotsala n'kuzisunga mouma monga tafotokozera pa funso la chinyezi. Ngati mwayiwo unadutsa, pali makampani ovomerezeka monga Rochester Electronics amene amapitiriza kupanga ma IC akale ndi chilolezo cha eni ake. Zikakanika, pulani ya bolodi imalembedwanso mwatsopano, bolodilo n'kuyesedwanso, zimene zimadya ndalama ndi nthawi.

Foni kapena laputopu yolembedwa MIL-STD-810 ndi ya asilikali?

Ayi. Palibe bungwe limene limapereka satifiketi ya muyezowu, ndipo chikalatacho chimalola woyesa kusankha mayeso ogwirizana ndi kumene chipangizo chidzagwire ntchito. Kampani ingachite mayeso amodzi okha, m'nyumba mwake momwe, n'kudinda dzinalo pa katoni. Ngakhale mayeso otchuka ogwetsa chipangizo maulendo 26 kuchokera pa masentimita 122 amaloleza kugawa maulendowo pa zipangizo zisanu. Funsani kuti anachita mayeso ati, pa kutentha kotani, chipangizo chili choyaka kapena chozima, ndipo lipoti lake analemba ndani.

Nkhondo ya ku Ukraine sinaonetse kuti miyezoyi yatha ntchito?

Inaonetsa kuti si chida chilichonse chimene chimaifuna. Madironi ang'onoang'ono omangidwa ndi tizipangizo ta pamsika amakhala masiku kapena maola ochepa, motero kuwagulira IC yolonjezedwa zaka 20 n'kutaya ndalama. Mu August 2022 bungwe lofufuza za chitetezo la RUSI la ku London linapeza mitundu yosachepera 450 ya tizipangizo takunja m'zida 27 za Russia, ndipo tambiri tinali topezeka pa msika wamba. Koma mzinga wogona m'nkhokwe zaka zambiri, kapena kompyuta yoyendetsa ndege yonyamula anthu, sizili m'gulu limenelo. Mafunso awiri ndiwo amagamula: chipangizochi chiyenera kukhala nthawi yaitali bwanji, ndipo chikafa chimafa ndi ndani?

Dziko logula monga lathu lingafunse chiyani kwa wogulitsa?

Mphamvu ya wogula ili m'zimene walemba asanaitanitse mitengo, chifukwa chimene sichinalembedwe sichingafunsidwe katundu atafika, ndipo malamulo ogulira katundu wa boma amene bungwe la PPDA limayang'anira amayerekeza mitengo ya okhawo amene akwaniritsa zolembedwazo. Kulemba kuti chipangizo chikhale cha muyezo wa asilikali sikokwanira, pa zifukwa zimene zanenedwa pa funso la mafoni. Palembedwe kutentha, chinyezi, fumbi ndi kugwedezeka kwa kumene chikupita, kaya ndi m'mphepete mwa nyanja kuno kapena m'nkhalango za kum'mawa kwa DRC kumene asilikali athu anatumizidwa mu 2013 kukagwira ntchito yosungitsa mtendere. Pafunsidwe malipoti a mayeso, osati mawu a pa katoni. Satifiketi yosonyeza gulu ndi deti la tizipangizo tofunika. Lonjezo la zaka zimene masipeyala adzapezeke. Udindo wodziwitsa wogula pakasintha kanthu mkati. Ndi mndandanda wa tizipangizo tololedwa kulowa m'malo mwa tina, kuti mmisiri asamachite kuganizira. Wogulitsa anenenso msanga ngati katunduyo ali pansi pa malamulo a America a ITAR kapena EAR, chifukwa sipeyala yofuna chilolezo chotulutsira kunja ingachedwe miyezi, ndipo nthawi imeneyo iyenera kuwerengedwa posankha kuchuluka kwa masipeyala ogulira limodzi ndi chipangizocho.